Momwe makhonsolo oyandikana angakulitsire msewu umodzi wodutsa pa njanji

Dziko la Malawi lili ndi makhonsolo opitirira 30, ndipo m'madera angapo msewu womwe anthu amaudalira tsiku ndi tsiku umayambira m'khonsolo ina n'kukathera m'khonsolo inzake, utadutsa pa njanji chapakati. Tauni ya Luchenza ili pakati pa Thyolo ndi Mulanje, ndipo njanji yochokera ku Limbe kulowera kumwera imadutsa momwemo. Ku Liwonde mtsinje wa Shire ndiwo malire a Balaka ndi Machinga, koma msewu wa M3 ndi njanji ya ku Nayuchi zimawoloka mtsinjewo n'kulumikiza maboma awiriwa. Njanji yotuluka mumzinda wa Blantyre kulowera ku Lirangwe nayo imachoka m'dera la khonsolo ya mzinda n'kulowa m'dera la khonsolo ya boma. M'malo otere, msewu ukachepa chifukwa cha kuchuluka kwa galimoto, njinga zakabaza, ngolo ndi anthu oyenda pansi, khonsolo imodzi singathetse vutolo payokha, chifukwa ikakulitsa mbali yake yokha, mpanipani wonse umangosamukira pamalire kapena panjanji pomwe msewu watsalira wopapatiza.

Malangizo awa ndi a makhansala, akuluakulu a kukhonsolo, mafumu ndi mamembala a makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC omwe akuganiza zogwirira limodzi ntchito yotere. Langizo lalikulu ndi lakuti muyambire panjanji, ngakhale kuti pamenepo m'pamamita ochepa chabe poyerekeza ndi msewu wonse, chifukwa ndi pokhapo pomwe makhonsolo onse awiri alibepo mphamvu, ndiponso ndi pomwe chilolezo chimachedwa kwambiri.

Dziwani kaye eni ake a msewu ndi a njanji

Musanaitanitse msonkhano uliwonse wa anthu ambiri, fufuzani kuti msewuwo uli m'gulu liti. Misewu ya dziko lino imadziwika ndi zilembo: ikuluikulu ndi ya M, yotsatira ndi ya S, kenako ya T, pomwe ya D ndi misewu ya m'maboma. Bungwe la Roads Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 pamodzi ndi la Roads Fund Administration, ndilo limayang'anira misewu ya M, S ndi T, pomwe misewu ya D komanso ya m'kati mwa mizinda ndi matauni imakhala m'manja mwa makhonsolo. Ngati msewu wanu ndi wa M, S kapena T, ndiye kuti inu simungaukumbe mwa inu nokha ngakhale mutapeza ndalama. Ntchito yanu ikhala yopempha ndi mawu amodzi, kukonza nkhani za malo ndi kuthandiza pa zinthu ngati ngalande, magetsi a mumsewu ndi malo oimikira maminibasi. Ngati ndi wa D kapena wa m'tauni, udindo wonse ndi wanu, ndipo zonse zomwe zalembedwa m'munsimu zikukhudzani mwachindunji.

Njanji ndi katundu wa boma, koma kuyambira mu 1999 imayendetsedwa ndi kampani ya CEAR, yomwe masiku ano imagwira ntchito pansi pa dzina la Nacala Logistics. Njanji ili ndi malo akeake m'mbali zonse ziwiri, ndipo palibe khonsolo yomwe ili ndi ufulu wothira phula, kukumba ngalande kapena kuzika chitsulo m'malo amenewo popanda chilolezo cha kampaniyo ndi cha nthambi yoona za njanji ku Unduna wa Zamtengatenga. Choncho kalata yoyamba ya ntchitoyi ipite kwa awiriwa, isainidwe ndi abwanamkubwa kapena akulu a makhonsolo onse awiri, ndipo ifunse zinthu zomveka bwino: pamadutsa sitima zingati pa tsiku, zimathamanga bwanji pamalopo, n'zazitali bwanji, pali dongosolo loti zichuluke kapena loti pamangidwe njanji yachiwiri, ndipo kampaniyo imafuna kuti podutsirapo pamangidwe motani.

Mafunso amenewa ndi ofunika kwambiri panjanji ya Nacala. Chiyambire pomwe kampani ya Vale idamanga njanji yatsopano yochokera kumalire a Mozambique kudzera ku Mwanza ndi Neno kudzalumikiza pa Nkaya m'boma la Balaka, sitima za malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko muno zitakoka mabogi opitirira 100. Sitima yotere, ikakhala yolemedwa, singaime pafupi ngakhale woyendetsa ataona galimoto yatsakamira panjanji. Imatha kukwawa mtunda wa kilomita kapena kupitirira isanaime. Ndiponso ikamadutsa imatseka msewu kwa mphindi zingapo, moti galimoto zimandandalikana mbali zonse ziwiri. Msewu wokula umakoka galimoto zambiri ndipo madalaivala amathamanga kwambiri, choncho kukulitsa msewu n'kusiya podutsira njanji pali chimodzimodzi ndi kuwonjezera ngozi pogwiritsa ntchito ndalama za anthu omwe mukufuna kuwateteza.

Mlatho kapena kudutsa pansi pomwepo

Chisankho chachikulu pantchito yonseyi n'chakuti msewu udutse pamwamba pa njanji pogwiritsa ntchito mlatho, kapena upitirize kudutsana ndi njanjiyo pansi pomwepo koma motetezedwa bwino. Mainjiniya amayamba ndi kuwerenga: galimoto zodutsa pa tsiku amazichulukitsa ndi sitima zodutsa pa tsiku, ndipo chiwerengerocho chikakula, ngozi nayo imakula. Kuwerengako kuchitike kwa sabata yathunthu, usana ndi usiku, ndipo musaiwale tsiku la msika ndi nyengo yogulitsa mbewu. Muwerengenso njinga zakapalasa, zamoto, ngolo, ng'ombe ndi ana asukulu, chifukwa m'matauni athu ambiri amenewa ndiwo ochuluka kuposa galimoto, ndipo mapulani ojambulidwa ndi munthu wongowerenga galimoto amawaiwala.

Mlatho umathetsa kukumana kwa sitima ndi galimoto, koma mtengo wake ndi waukulu kwambiri, umafuna mtunda wautali wokwerera ndi wotsikira mbali zonse, ndipo umachotsa malonda pa masitolo omwe atsala kunsi kwake. Ine ndikuona kuti makhonsolo ambiri a m'maboma sangaukwanitse ndi ndalama zawo, ndipo si bwino kulonjeza anthu mlatho kenako n'kukhala zaka khumi popanda ngakhale chikwangwani. Komwe chiwerengero chikusonyeza kuti mlatho udzafunika m'tsogolo, nzeru ndi kumanga podutsira pabwino tsopano n'kusungiratu malo a mlathowo m'mapulani a tauni kuti anthu asamangepo.

Ngati mwasankha kudutsa pansi pomwepo, pali zinthu zomwe khansala aliyense, ngakhale asakhale injiniya, ayenera kuziyang'ana pa chojambula asanavomereze. Msewu uzidula njanji molunjika, osati mopendekera, chifukwa podutsa mopendekera dalaivala amavutika kuona mbali zonse ndipo teyala la njinga limagwera mumpata wa m'mbali mwa chitsulo cha njanji. Msewu ufike panjanjipo uli wosalala, wopanda chitunda, kuti malole aatali okhala ndi mimba yotsika asakodwe pakati. Pakhale mtunda wokwanira pakati pa njanji ndi mphambano yoyandikira kapena siteji ya maminibasi, kuti galimoto yomaliza pamzere isaime panjanji podikira zinzake. Mtundawo uyezedwe ndi lole yaitali kwambiri yomwe imadutsa pamenepo. Mitengo, chimanga, zikwangwani za malonda ndi zisakasa za mavenda zisatchinge maso a dalaivala m'ngodya zonse zinayi. Oyenda pansi ndi apanjinga akhale ndi kanjira kawo kodutsira, kotakata ndi kowala usiku, apo ayi adzapanga njira zawo zachidule pomwe palibe chenjezo lililonse. Madzi a m'ngalande za msewu asathiridwe m'munsi mwa njanji, chifukwa amafewetsa nthaka yomwe yanyamula zitsulo, ndipo eni njanji sadzavomera chojambula chotere.

Nkhani ya zotchinga, magetsi ndi belu muikambirane mosapupuluma. Zotchinga zodzitsekera zokha n'zabwino, koma zimafuna magetsi osazimazima, mabatire ndi munthu wodziwa kuzikonza, ndipo zikafa anthu amapitiriza kuzikhulupirira mpaka tsiku langozi. Mlonda wokhala ndi mbendera ndi chotchinga chamanja amafuna malipiro mwezi uliwonse, kanyumba, nyali ndi njira yolankhulirana ndi oyendetsa sitima. Njira iliyonse mwa ziwirizi ili ndi mtengo wa chaka ndi chaka, choncho pangano lanu ndi kampani ya njanji linene mosabisa kuti adzalipira ndani, ndipo chipangizo chikawonongeka adziwitsidwe ndani ndipo achikonze m'masiku angati.

Komiti imodzi ndi pangano lolembedwa

Mayankho a eni njanji akabwera, khonsolo iliyonse ikambirane nkhaniyi pamsonkhano wake waukulu n'kuvomereza ndi mawu ofanana, ndipo ntchitoyo ilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo iliyonse, chifukwa ntchito yosalembedwa m'ndondomekoyo imavuta kuipezera ndalama. Kenako pakhale komiti imodzi yaing'ono: mkulu wa zomangamanga, mkulu wa mapulani ndi mkulu wa zachuma kuchokera mbali iliyonse, makhansala a madera okhudzidwa, mafumu aakulu a malowo, ndi nthumwi za Roads Authority ndi za njanji. Khonsolo imodzi isankhidwe kukhala yotsogolera, yosaina ndi kontrakitala m'malo mwa onse. Kugawa ntchito pamalire kuti aliyense alembe kontrakitala wake kumaoneka ngati chilungamo, koma kumabala misewu iwiri yosiyana kukula ndi ngalande zosakumana.

Zonse zomwe mwagwirizana zilembedwe m'pangano lomwe akatswiri a malamulo ndi a ku Unduna wa Maboma Aang'ono aliwunika. Makhansala amasankhidwa kwa zaka zisanu, abwanamkubwa amasamutsidwa kawirikawiri, pomwe ntchito yotere kuchokera pa kuyeza kufika potsegulira imatha kudutsa chisankho. Odzabwera pambuyo panu adzangotsatira zomwe adzapeze pa pepala.

Kugawana mtengo

Apa ndi pomwe maubale a makhonsolo amasokonekera. Njira yosavuta ndi yogawana molingana ndi kutalika kwa msewu m'dera la aliyense. Tiyerekeze kuti msewu ndi wa makilomita 10, ndipo 6 ali m'khonsolo yoyamba pomwe 4 ali m'khonsolo yachiwiri: yoyamba ipereka magawo 60 pa 100 alionse, yachiwiri 40. Koma tiyerekezenso kuti podutsira njanji pali m'dera la khonsolo yachiwiri, pomwe msika waukulu womwe ukupindula ndi msewuwo, ndi ziphaso zake zonse, uli m'dera la yoyamba. Mukangotsata malire, khonsolo yachiwiri isenza gawo lodula kwambiri la ntchito pomwe phindu likupita kwa inzake, ndipo makhansala ake adzakhala ndi chifukwa chomveka chokanira. Njira yomwe ndikuiona yachilungamo ndi yolekanitsa mitengo iwiri: msewu wamba mugawane potsata kutalika, koma podutsira njanji, milatho ya pamalire ndi malipiro a mainjiniya ojambula ndi oyang'anira ntchito mugawane pakati n'pakati, kapena potsata komwe galimoto zowerengedwa zija zimachokera ndi komwe zimapita. Chipukutamisozi chingakhale cha khonsolo iliyonse m'dera lake, pokhapokha ngati mbali imodzi ili ndi nyumba zambiri zogwetsedwa chifukwa cha chisankho chomwe mwapanga limodzi.

Ndalama zenizenizo sizichokera malo amodzi. Zomwe khonsolo imatolera yokha, monga ziphaso za mumsika, malaisensi a bizinesi ndi msonkho wa malo m'matauni, n'zochepa kwambiri pa ntchito ya phula, koma zimakwanira kulipira kuwerenga galimoto, misonkhano ndi gawo la chojambula, ndipo khonsolo yomwe yafika ndi chojambula chathunthu ndi mtengo wake imamvedwa msanga kuposa yofika ndi pempho lapakamwa. Pali ndalama za chitukuko, monga za thumba la madera a aphungu la CDF, zomwe zimadzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo ya NLGFC. Ndalama zimenezi zili ndi malamulo ake, choncho funsani msanga ngati zingagwire ntchito yodutsa malire, ndipo ngati sizingatero, zipatseni zigawo za ntchito zomwe zili m'dera la mwini wake. Bungwe la Roads Fund Administration limatolera msonkho wa pamafuta a galimoto komanso ndalama za pazipata za Chingeni ku Ntcheu ndi Kalinyeke ku Dedza, zomwe zidatsegulidwa mu 2021 ndi 2022, ndipo misewu ina yokulitsidwa mumzinda wa Lilongwe idamangidwa ndi ngongole zomwe bungweli lidatenga kumabungwe a zachuma a m'dziko momwe muno. Maiko ndi mabungwe akunja nawo amathandiza, monga momwe dziko la Japan lidathandizira kukulitsa msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, koma thandizo lotere limadzera ku boma, osati kukhonsolo mwachindunji. Kampani ya njanji ifunsidwenso gawo lake, makamaka pa zipangizo za panjanji penipenipo, popeza ngozi iliyonse imaimitsa sitima zake ndi kuiluzitsa ndalama.

Kumbukirani kuti chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, choncho pempho lofika bajeti itatsekedwa kale limadikira chaka china. Kumbukiraninso kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo phula, dizilo, zitsulo ndi zipangizo za zotchinga zimagulidwa kunja. Mtengo wowerengedwa lero sudzakhala womwewo pomadzayamba ntchito. Pangano lanu linene momwe mudzagawanire mtengo ukakwera, pakhale ndalama yapadera ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndalama zonse za ntchitoyi zisungidwe mu akaunti yakeyake yosainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Mugwirizanenso chochita khonsolo ina ikachedwa kupereka gawo lake, chifukwa kontrakitala akaima podikira malipiro amalipiritsa chiwongola dzanja ndi mtengo wa makina ake ongokhala.

Malo, mavenda ndi chipukutamisozi

Msewu uliwonse uli ndi malo osungidwa m'mbali mwake. Pa misewu ya M ndi mamita 60 onse pamodzi, 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, ndipo pa misewu ing'onoing'ono amachepera. M'matauni ambiri anthu adamanga kale masitolo ndi nyumba m'malo amenewa, ena mosadziwa, ena atapatsidwa ndi mafumu, enanso akulipira ziphaso kukhonsolo komweko kwa zaka zambiri. Anthu amenewa asamve za ntchitoyi koyamba poona utoto wofiira pakhoma la nyumba yawo. Pitani kudzera mwa mafumu ndi makomiti a ADC ndi VDC, onetsani chojambula pabwalo, ndipo lengezani tsiku lomwe kalembera wa katundu adzatsekedwe, kuti womanga pambuyo pa tsikulo adziwiretu kuti sadzalandira kanthu. Kalemberayo akhale ndi zithunzi ndi miyeso, ndipo mndandanda wa maina upachikidwe poyera kuti anthu eni ake achotsemo maina a m'mutu.

Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limalola boma kutenga katundu wa munthu pa ntchito yopindulira onse pokhapokha munthuyo atadziwitsidwa mokwanira, atalipidwa moyenera, ndiponso ali ndi ufulu wokadandaula kukhoti. Mtengo wa katundu uwerengedwe ndi akatswiri ovomerezeka kudzera ku Unduna wa Zamalo, ndipo makhonsolo onse awiri agwiritse muyeso umodzi, chifukwa anthu a mbali ziwiri za malire ndi apachibale ndipo adzafananitsa zomwe alandira pa mtengo wa mango kapena nyumba ya njerwa zootcha. Anthu alipidwe kontrakitala asanafike. Mavenda apezeredwe malo ena enieni, okhala ndi madzi ndi zimbudzi, komanso oyandikira makasitomala awo. Akakankhidwira kutali amabwerera, ndipo malo omwe amabwererako nthawi zambiri ndi panjanji pomwe galimoto zimachepetsa liwiro. Manda akakhala m'njira, ndi bwino kukhotetsa msewu kusiyana ndi kufukula, ndipo komwe sizingatheke, mafumu ndi eni mbumba ndiwo atsogolere.

Pa nthawi yomweyo lemberani a ESCOM, a bungwe la madzi la chigawo chanu ndi makampani a mafoni omwe adakwirira mawaya a intaneti m'mbali mwa msewu, kuti aliyense anene mtengo ndi nthawi yosunthira mapolo, mapaipi ndi mawaya ake. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafunanso kuti ntchito yotere iwunikidwe ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA isanayambe.

Kulemba kontrakitala ndi kulandira ntchito

Kontrakitala asankhidwe poyera motsata malamulo a bungwe loona za kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma la PPDA, akhale wolembetsedwa m'gulu loyenera kukula kwa ntchitoyo ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe ambiri amalidziwa kuti NCIC, ndipo injiniya woyang'anira akhale wosiyana ndi womanga. Ntchito ya dothi ndi phula iyambe mvula itangotha, cha mu Epulo kapena Meyi, kuti pofika Novembala ngalande ndi makalavati zikhale zitatha. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 adaonetsa kuti makalavati aang'ono sakwanira m'chigawo cha kumwera, choncho pofuna kuchepetsa mtengo musayambire pa ngalande.

Ntchito ya panjanji penipenipo imachitika pa maola okhawo omwe kampani ya njanji yavomera kuimitsa sitima, pamaso pa anthu ake, ndipo masiku amenewo apemphedwe miyezi ingapo nthawi isanakwane n'kulembedwa m'mgwirizano wa kontrakitala. Njira yongoyembekezera yomwe galimoto zizidzera pa nthawi ya ntchito, ngati nayo ikudutsa pa njanji, imafuna chilolezo chake ndi mlonda wake usana ndi usiku. Musatsegule msewu wokulawo podutsira njanji pasanathe, ngakhale akuluakulu atafuna kudula riboni msanga.

Ntchito ikatha, gawo la malipiro a kontrakitala lisungidwe mpaka itadutsa nthawi yoyesera, yomwe kawirikawiri imakhala miyezi 12, kuti msewu uone mvula ya chaka chimodzi chathunthu iye asanamasulidwe. Komiti ija isathetsedwe pa tsiku lotsegulira: izikumana mvula isanayambe ndi itatha, iyendere podutsira njanji pamodzi ndi eni njanji ndi apolisi apamsewu, ndipo khonsolo iliyonse iike m'bajeti ya chaka ndi chaka ndalama zolambulira ngalande, kupentanso mizere, kubwezeretsa zikwangwani zobedwa ndi kudula tchire m'ngodya zinayi zija, aliyense gawo lomwe lidalembedwa m'pangano.